Buleki inandifewera potsika mapiri a Chikwawa: vuto ndi galimoto kapena ndi ine?

Funso

Zikomo akatswiri. Ndine mphunzitsi ku Ngabu. Chaka chatha ndinatenga layisensi, kenaka ndinagula kagalimoto kogwiritsidwa kale ntchito, Sienta ya otomatiki. Mwezi uliwonse ndimakwera ku Blantyre. Ulendo wapitawu ndinkabwerera ndi banja langa, kumbuyo nditaika matumba anayi a simenti. Titatsala pang'ono kufika pa Thabwa ndinamva fungo la chinthu chopserera, buleki n'kuyamba kufewa, phazi kumangolowa mpaka pansi. Mwa chisomo cha Mulungu ndinaima. Mnzanga anandiuza kuti potsika ndiziika giya pa N kuti ndipulumutse mafuta, ndipo ndi zomwe ndinachita. Makaniko wayang'ana, akuti mabuleki ali bwinobwino, koma ine mantha sakundichoka. Chachiwiri, apolisi apamsewu amatiimitsa kangapo pa ulendo umodzi. Tsiku lina anandigwira ndi kamera kuti ndikuthamanga, pamalo owongoka pomwe panalibe choopsa chilichonse. Bwanji sakaima kumapiri komwe kuli ngozi? Kodi si ndalama chabe akufunazi? Nanga ndikagwidwa ndizichita bwanji?

Yankho

Aphunzitsi, poyamba tithokoze Mulungu kuti inu, mayi akunyumba ndi ana munafika amoyo. Mwachita bwino kulemba, paja safunsa anadya phula. Mtima ukhale pansi. Zomwe zinakuchitikiranizo zili ndi chifukwa chodziwika, ndipo munthu akachimvetsa sizimubwereranso. Ndayendetsa malole ndi mabasi pamsewu wa M1 umenewu kwa zaka zambiri ndisanayambe kuphunzitsa ena kuyendetsa. Fungo mukunenalo ndimalidziwa bwino. Ndalimva kangapo konse pa magalimoto oima m'mbali mwa msewu chakumunsi kwa phirilo, utsi uli tolotolo m'mawilo, eni ake atagwira njakata.

Tiyambe ndi phirilo. Blantyre ili pamwamba, mamita opitirira pang'ono 1,000 kuyeza kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe Chikwawa ili pa mamita 100 okha kapena cha pomwepo. Ndiye kuti pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50, kuchoka m'tauni kukafika pa mlatho wa Kamuzu, mumatsika mamita ngati 900, ndipo kutsika kwenikweniko kwaunjikana pa chigawo chokhotakhota chija musanafike pa Thabwa. Buleki imagwira ntchito pofinya. Mukaponda, mapadi amakanikiza chitsulo chozungulira chomwe chili kuseri kwa wilo, ndipo kukhulana kumeneko kumasandutsa liwiro kukhala kutentha. Galimoto yanu, kuphatikiza anthu ndi simenti ija, inkayandikira matani awiri. Kutsitsa katundu wolemera chonchi mamita 900 kumatulutsa moto wokwanira kuwiritsa madzi malita pafupifupi 50, zidebe ziwiri ndi theka za pachitsime. Mutaika giya pa N, gawo lalikulu la moto umenewo munalisenzetsa timapadi tosaposa chikhatho chanu.

Mabuleki akatentha mopitirira muyeso amalephera m'njira ziwiri. Nthawi zina mapadi amapsa pamwamba n'kuyamba kuterera. Pamenepo buleki imakhala yolimba ndithu kuphazi, mumaponda ndi mphamvu zanu zonse, koma galimoto osamva. Fungo lija limachokera apa. Nthawi zina ndi mafuta a mabuleki amene amawira m'mapaipi mwake, ndipo izi ndi zomwe zikufanana ndi nkhani yanu. Mafuta akawira mumalowa nthunzi, ndipo nthunzi imafinyika, n'chifukwa chake phazi limangolowa mpaka pansi. Mafuta a mtundu wa DOT 3 akakhala atsopano sawira asanafike madigiri 205, a DOT 4 madigiri 230. Koma mafuta amenewa amayamwa chinyezi cha mumpweya pang'onopang'ono, ndipo akakalamba amatha kuwira pa madigiri 140 kapena 155 okha. Magalimoto ambiri omwe timaitanitsa kunjawa amabwera ndi mafuta omwe palibe akudziwa kuti anathiridwa liti, ifenso timangowonjezera pamwamba akachepa, osawakhuthula.

Apa ndi pomwe makaniko wanu ananena zoona koma ntchito sanaimalize. Mabuleki akazizira nthunzi ija imabwerera kukhala madzi, buleki n'kulimbanso ngati palibe chachitika. Munthu akaiponda m'mawa mwake pagalaja aipeza yabwino. Bwererani, mukamuuze kuti akhuthule mafuta onse akale, athire atsopano ochokera m'botolo lomata lomwe latsegulidwa inu mukuona, ndipo atulutse mpweya pa mawilo onse anayi. Achotse mawilo aone mapadi: ngati akunyezimira ngati galasi kapena ang'aluka, asinthidwe ngakhale akuoneka okhuthala. Chitsulo chozungulira chija chikasanduka chobiriwirako kapena buleki ikamanjenjemera poponda, ndiye kuti chinapsa. Aonenso mabuleki akumbuyo, chifukwa akakhala osagwira ntchito yonse imagwera akutsogolo, komanso timapaipi ta labala tija ngati sitinatupe. Mapadi musagule otchipitsitsa opanda dzina. Kuyambira pano, mafuta a mabuleki muzisintha zaka ziwiri zilizonse.

Tsono za mnzanu ndi giya ya fili, ya N ija. Ndikudziwa kuti anakuuzani mokufunirani zabwino, mafuta ndi okwera mtengo ndipo nthawi zina amasowa. Koma malangizo amenewa aika anthu ambiri m'manda, ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti palibe mafuta amene mumapulumutsa. Injini za magalimoto amakonowa, yanu yomwe, mukachotsa phazi pa moto galimoto ili m'giya ikutsetsereka, kompyuta yake imatseka mafuta kapena kuwachepetsa kwambiri, chifukwa mawilo ndi amene akuzungulitsa injini. Mukaika pa N injini imafunika kudziyendetsa yokha kuti isazime, ndiye imamwa mafuta. Mumataya mbali zonse ziwiri. Ena amafika pozimitsa injini kumene. Chonde, aphunzitsi, izi musadzayese ngakhale tsiku limodzi. Injini ikazima, mphamvu yothandizira buleki imatha mukaponda kawiri kapena katatu, chiwongolero chimauma, ndipo mukatembenuza kiyi mopitirira chimatha kukhomeka muli pakona.

Phiri limeneli timatsika ndi giya, buleki imangothandizira. Ife a malole tinkaphunzitsidwa kuti giya yomwe ungakwerere phiri ndi yomweyo utsikire, ndipo lamuloli ndi loona pa galimoto iliyonse. Pa otomatiki yang'anani pafupi ndi D, mupeza L, 2, S kapena B malinga ndi mtundu wa galimotoyo. Ntchito ya zilembo zimenezi ndi yomweyi. Chepetsani liwiro muli pamwamba, msewu usanayambe kupendekera, ikani giya yaing'onoyo, n'kuchotsa phazi pa moto. Injini idzalira mokweza ndipo oyendetsa atsopano ambiri amachita mantha kuti iphulika. Siphulika. Ikugwira galimoto m'malo mwa mabuleki, inu mungoonetsetsa kuti muvi wosonyeza kuzungulira kwa injini sukulowa pofiira. Liwiro likayamba kukwera, pondani buleki molimba kwa kanthawi kochepa, galimoto ibwerere pa liwiro lomwe mukufuna, kenaka chotsani phazi lonse kuti mphepo izizire mapadi. Chomwe chimaotcha mabuleki kwambiri ndi phazi longotsamira pang'ono kuchokera pamwamba mpaka pansi, osawapatsa mpata wopuma.

Liwiro lichepetseni musanalowe pakona, mawilo akadali owongoka. Mukalowa mothamanga n'kuyamba kuponda muli mkati, galimoto yolemera kumbuyo ngati momwe inalili yanu imafuna kupitirira mowongoka kapena kuponya matako kumbali. Khalani kumanzere kwanu, osadula kona, ngakhale mukuona ngati kutsogolo kulibe kanthu. Amene akukwera amakhala atatopa kutsatira lole yomwe ikukwawa, ndipo alipo osaleza mtima omwe amatulukira pamzere woyera wosadukiza, pamalo pomwe saona n'komwe chomwe chikubwera. Inu lowani pakona iliyonse mukuyembekezera kuti kuseri kwake kuli munthu wotere, kapena thiraki yofa yomwe chizindikiro chake ndi nthambi ziwiri zofota, kapena miyala yomwe wina anatchingira mawilo dzulo n'kuisiya pamsewu pomwepo. Khalidwe losiya miyalali limandiwawa kwambiri, chifukwa mwala umodzi ndi wokwanira kugwetsa wa njinga yamoto usiku.

Musaiwale anthu a makala. M'mamawa kusanache amakhala akukankha njinga zosenza matumba atatu kapena anayi kukwera phirilo, thukuta lili kamukamu, mutu uli pansi, katundu atatambalala kuposa njinga yomwe. Sangathe kukupatukirani msanga. Masana akagulitsa amatsika ali opepuka ndi liwiro loopsa, ena buleki yawo ili phazi lovala patapata lokanikiza pa tayala. Apatseni malo okwanira ndipo hutala muziimba muli patali, osati mutawafika pamsana, chifukwa munthu wodzidzimuka amakhotera komwe simukuyembekezera. Lole ikakhala patsogolo panu potsika, siyani mpata waukulu. Ikakhala kumbuyo kwanu, ikuimba hutala mosalekeza kapena kuphethira magetsi, musapikisane nayo, pezani pomwe mungapatuke msanga, mwina mabuleki ake apita. M'miyezi ya June ndi July chiperoni chimatha kuphimba kumtunda konse, ndiye yatsani magetsi aafupi, aatali amangokubwererani m'maso. Mvula yoyamba ya October kapena November ndi yoopsanso mwapadera, chifukwa imasungunula dizilo ndi oyilo zomwe zakhala zikudontha chilimwe chonse, phula n'kuterera.

Zikadzachitikanso, Mulungu aletse, kaya pa galimoto yanu kapena ya wina, chitani izi. Chotsani phazi pa moto, popani buleki mofulumira kangapo, nthawi zambiri imabwerako pang'ono. Tsitsani magiya imodziimodzi. Kokani handibuleki pang'onopang'ono mutagwira batani lake, osaikoka kamodzi n'kamodzi chifukwa mawilo akumbuyo akhoza kuuma galimoto n'kuzungulira, ndipo ngati ili yoponda ndi phazi, monga zilili pa ma Sienta ena, pondani mwapang'onopang'ono momwemo. Injini isazime. Yatsani mahazadi, imbani hutala. Zonse zikakanika, khulitsani mbali ya galimoto kukhoma la phiri kapena m'tchire, osati kuyembekezera kona yotsatira. Galimoto imawongoledwa pagalaja. Mukaima, musathire madzi pa mabuleki otentha, chitsulo chimapindika kapena kung'aluka. Tulutsani anthu aime kutali ndi msewu, ikani mathirayango kutsogolo ndi kumbuyo patali ndithu kuti wotuluka pakona awaone nthawi ilipo, dikirani theka la ola kapena kuposerapo, ndipo buleki ikakhala yofewabe itanani makaniko. Za simenti, kagalimoto kanu ndi konyamula anthu. Matumba anayi ndi makilogalamu 200 omwe ali kumsana kwa ana anu, ndipo pa ngozi amaulukira kutsogolo. Ndalama yomwe mumapulumutsa pogula m'tauni ndi yochepa poyerekeza ndi zimenezo, gulani ku Nchalo kapena ku Ngabu komweko.

Tsopano funso lanu lachiwiri, ndipo apa ndikutsutsani pang'ono mwaulemu. Mwati pamalo owongoka panalibe choopsa. Pa zomwe maso anga aona, maliro ambiri omwe ndakumana nawo pamsewu umenewu anali kuchigwa, kowongoka komweko. Paphiri aliyense amakhala tcheru, manja onse awiri ali pa chiwongolero, wailesi yatsitsidwa. Munthu akangowoloka Shire mtima umamasuka, phazi limalemera, ndipo msewu wopita ku Dyeratu, Bereu, Nchalo, Ngabu, Sorgin, Bangula, Tengani mpaka ku Nsanje ndi ku Marka umakhala ngati ukumuitana. Koma msewu umenewu ndi bwalo la anthu onse a kuchigwa. Ndi momwe mumadutsa ng'ombe madzulo pochokera kubusa, mbuzi, ngolo zopanda chonyezimira chilichonse, akabaza a njinga zakapalasa ndi zamoto, amayi osenza mitolo, mathirakitala ndi malole a nzimbe chakufupi ndi Nchalo, malole a thonje nyengo yake ikakwana, anthu obwera kumsika atalawako, ndi ana asukulu, omwewo mumawaphunzitsa inuwo.

Masamu ake ndi awa, poti ndinu mphunzitsi. Pa liwiro la makilomita 100 pa ola, galimoto imayenda mamita pafupifupi 28 pa sekondi imodzi. Kuchokera pomwe diso laona mwana mpaka phazi kufika pa buleki pamapita sekondi imodzi ndi theka kwa munthu wamba, ndiye kuti mwayenda kale mamita opitirira 40 musanayambe n'komwe kuima. Ndipo mtunda womwe buleki imafuna sukula molingana ndi liwiro: liwiro likawirikiza kawiri, mtundawo umawirikiza kanayi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti munthu woyenda pansi akagundidwa pa liwiro la 65 m'malo mwa 50, chiopsezo choti afa chimakula kanayi ndi theka. N'chifukwa chake pa malo a malonda ndi pafupi ndi sukulu pamakhala zikwangwani zotsitsa liwiro, ndipo n'chifukwa chake kamera imaima pamenepo. Kusiyana kwa 50 ndi 65 woyendetsa sakumva n'komwe m'thupi mwake, makamaka akachokera kothamanga. Muziyang'ana muvi wa liwiro mukamalowa pa malo otere, musadalire momwe mukumvera.

Kuchigwa kulinso adani ena awiri. Woyamba ndi dzuwa. Mu October ndi November kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo tayala lakale kapena lopanda mpweya wokwanira limatentha mkati mpaka kuphulika. Ena amachepetsa dala mpweya poopa kuti tayala liphulika ndi dzuwa, koma tayala lofewa ndi lomwe limatentha kwambiri. Pimitsani mpweya m'mawa matayala asanayende, motsatira manambala olembedwa pa khomo la dalaivala. Pambali pa tayala pali manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chomwe linapangidwa, mwachitsanzo 2319 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Matayala a kaunjika ena amaoneka a mano abwino koma ali okalamba, labala itauma. Dzuwa lomwelo limabweretsa tulo, makamaka mukadya nsima masana. Maso akayamba kulemera imani pamthunzi mugone pang'ono, kutsegula windo sikuthandiza. Mdani wachiwiri ndi madzi. Inu a kuchigwa simufunika kukumbutsidwa za madzi osefukira a 2015, za namondwe Idai mu 2019, namondwe Ana mu 2022 ndi namondwe Freddy mu 2023. Madzi othamanga ofika m'mawondo ndi okwanira kukokolola galimoto ngati yanu, ndipo choopsa china n'chakuti amakumba dothi pansi pa phula, pamwamba n'kumaoneka bwinobwino. Madzi akadutsa pamwamba pa msewu dikirani, ngakhale minibasi yakutsogolo yawoloka.

Mwafunsa chifukwa chomwe apolisi saima m'makona a phiri. Mbali ina yankho lake ndi losavuta: palibe malo oimitsira galimoto bwinobwino, kuimitsa lole yodzaza pamtsetse n'kuitana ngozi ina, ndipo kamera imafuna malo oti ione galimoto ikubwera mowongoka. Koma mbali ina ndikugwirizana nanu. Ndimalakalaka atamaima pamwamba, msewu usanayambe kutsika, n'kumaona mabuleki, matayala ndi kulemera kwa katundu wa malole ndi maminibasi, chifukwa kuona mapepala pansi pa phiri galimoto itatsika kale sikupulumutsa munthu amene anali pakona yachitatu. Ndimalakalakanso opitirira anzawo pamzere wosadukiza atamagwidwa kwambiri kuposa momwe zilili. Zitsulo zotchinga m'mbali zikagundidwa zizibwezeretsedwa msanga, mizere izipentedwa, zikwangwani zobedwa zizibwerera. Imeneyi ndi ntchito ya Roads Authority, ndipo inu ngati mphunzitsi mawu anu amamveka: lembani kalata kudzera kukhonsolo, kwa khansala kapena phungu wa dera lanu, mutchule malo enieni.

Za ndalama sindikubisirani. Alipo apolisi ena omwe amatambasula dzanja, ndipo alipo madalaivala ambiri omwe amayamba okha kupinda kandalama m'kati mwa layisensi asanapemphedwe. Aliponso apolisi ambiri omwe amaima padzuwa la ku Chikwawa tsiku lonse n'kugwira ntchito yawo moona, ndipo ndi omwewo amene amatola mitembo ngozi ikachitika. Lamulo la Road Traffic Act la 1997 limapatsa wapolisi mphamvu yokuimitsani, kuona layisensi yanu ndi kuyendera galimoto. Inu konzani zanu: layisensi ikhale m'thumba, inshuwalansi ndi COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, zikhale zosatha ntchito, magetsi onse aziyaka, mathirayango awiri akhalemo, aliyense amange lamba, ndipo musanyamule anthu opitirira mipando. COF ikhale yoyezetsa galimoto zenizeni kudzera ku nthambi ya Road Traffic kapena malo ovomerezeka, osati yobwera ndi dobadoba galimoto ili pakhomo. Pepala lotero limakudutsitsani pa rodibuloko, koma paphiri palibe chomwe lingakuchitireni.

Akakuimitsani, patukani bwino, tsitsani windo, perekani moni. Akati mwalakwa, funsani modekha kuti mlandu wake ndi wotani, ndipo ngati ndi liwiro pemphani kuona zomwe kamera yawerenga. Mukavomereza, lipirani chindapusa n'kulandira lisiti la boma, lija timati GR, muone kuti ndalama yolembedwapo ndi yomwe mwapereka. Ngati simukuvomereza, muli ndi ufulu woti nkhaniyo ikaweruzidwe kukhoti. Ndalama yopanda lisiti musapereke, ngakhale itakhala yochepa kuposa chindapusacho. Lamulo lothana ndi ziphuphu la Corrupt Practices Act limagwira wolandira ndi wopereka yemwe, ndipo inu ndinu wogwira ntchito m'boma. Komanso taganizani kuti ya fanta yomweyo ndi imene imadutsitsa minibasi ya matayala osalala yomwe mawa mudzakweremo ana anu. Wina akakuumirizani, musakangane naye pamsewu. Sungani m'mutu dzina kapena nambala yake, malo ndi nthawi, mukadandaule kwa mkulu wa polisi ya dera limenelo, ku Anti-Corruption Bureau, kapena ku Independent Complaints Commission yomwe imamva madandaulo okhudza apolisi. Chizolowezi chophethirana magetsi pochenjezana kuti kutsogolo kuli kamera ine sindichita nawo. Amene mukumuchenjezayo simukumudziwa, mwina ndi woledzera yemwe akanagwidwa asanafike pamsika.

Pa za mowa, lamulo limaika malire pa magalamu 0.08 mu mamililita 100 a magazi, koma maso ndi phazi zimayamba kuchedwa munthu asanafike pamenepo, choncho wodutsa phiri limeneli asalawe n'komwe. Foni idikire mpaka mutaima. Ana akhale kumbuyo atamanga malamba, osati pamiyendo ya mayi awo kutsogolo. Mukakwera minibasi, dalaivala n'kumathamanga kapena kutsika ndi fili, yankhulani. Ambiri amakhala chete poopa kunyozedwa ndi kondakitala, koma mmodzi akayamba ena amatsatira.

Mukapeza ngozi kapena ikakuchitikirani, imani, tchinjirizani malowo kuti ena asagundenso, ndipo dziwitsani apolisi msanga, pasanathe maola 24, chifukwa lipoti lawo ndi lomwe a inshuwalansi adzafune. Ngati gulu la anthu lakwiya moti moyo wanu uli pachiswe, pitani molunjika ku polisi yapafupi mukadzipereke. Wovulala musamukoke mwachisawawa, khosi ndi msana zikhale mowongoka ponyamula, pomwe pakutuluka magazi kanikizani ndi nsalu yoyera, ndipo musamumwetse madzi ngakhale apemphe, mwina akafunika opaleshoni. Chipatala cha boma cha Chikwawa, St Montfort ku Nchalo, cha Ngabu ndi cha Nsanje ndi zomwe zili kufupi ndi msewuwu, ndipo ovulala kwambiri amatumizidwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Amene wagunda mutu, ngakhale akuyenda yekha, akaonedwe tsiku lomwelo, makamaka akayamba kusanza, kuwodzera kapena kusokonezeka.

Mantha muli nawowa si ofooketsa munthu, ambiri amakhala nawo akapulumuka chonchi. Galimoto ikakonzedwa, musayambe ndi ulendo wa banja lonse. Pezani mphunzitsi wa sukulu yoyendetsa galimoto yovomerezeka, kapena dalaivala wokhwima amene mumamukhulupirira, mutsike naye phirilo m'mawa kunja kukuwala, galimoto ili yopanda katundu, kufikira dzanja litazolowera kusintha giya. Ngati patapita masabata angapo mukulotabe za tsikulo, kusowa tulo, kapena mtima ukugunda kwambiri mukangogwira chiwongolero, kaonaneni ndi achipatala, alipo ophunzitsidwa kuthandiza pa zimenezi. Ngati magetsi a magalimoto ena amakuthobwani m'maso kwambiri usiku, kayezetseni maso, ndipo pakadali pano konzani maulendo anu kuti dzuwa lizilowa mutafika kale ku Ngabu.

Pa ulendo woyamba umenewo, mukafika pansi pezani malo otakasuka muime. Zungulirani galimoto, muyandikize dzanja pa wilo lililonse osalikhudza. Akutsogolo amakhala ofunda kuposa akumbuyo, zimenezo n'zabwinobwino. Koma wilo limodzi likatentha kwambiri kuposa linzake la mbali inayo, ndiye kuti buleki ya wilo limenelo ikugwira yokha osamasuka, ndipo mubwerere nayo kwa makaniko musanakwerenso ku Blantyre.